Musanathire mankhwala mu sinki, gwadani kaye

Sinki ya kukhitchini sitsekeka mwadzidzidzi. Imayamba kuchenjeza kalekale, kungoti ife sitilabadira. Madzi omwe kale ankatsika mothamanga amayamba kuchedwa pang'ono. Kenako mukazula chotsekera mumamva kuti gulu gulu gulu pansi pake. Pakapita nthawi kafungo kamayamba kumveka, makamaka m'mawa khitchini ikagona yotseka. Tsiku lomwe madzi amangoti phwii osasuntha, atayandamitsa timafuta ndi tinyenyeswa, vutolo limakhala litakula kwa miyezi yambiri.

Tsiku limenelo ambiri amathamangira botolo la mankhwala otsegulira mapaipi. Ndimawamvetsa. Botolo limakulonjezani kuti muthana ndi vutolo muli chiimire, manja ali oyera, osaona zomwe zili m'katimo. Koma ine ndimati tsegulani kabati ya pansi pa sinki, tulutsani zonse zomwe munaunjikamo, mugwade ndi tochi muone. Nthawi zambiri chomwe chatseka chili pafupi kwambiri, poti mkono wanu ukhoza kufika, ndipo chili m'paipi yomwe anaipanga dala kuti izimasulidwa ndi manja.

Zomwe mupeze pansipo si zambiri monga zimaonekera koyamba. Pabowo la sinki pali kasefa kachitsulo, komangidwa ndi nati yaikulu chakunsi. Kuchoka pamenepo paipi yaifupi imatsika molunjika, kenako n'kupindika ngati chilembo U, n'kukhotera kukhoma. M'nyumba zina m'malo mwa U muli kachinthu kooneka ngati botolo lalifupi, komwe kunsi kwake kumamasuka mukazunguliza. Zonse ziwirizi amapulambala amazitcha trap, ndipo ntchito yake ndi imodzi. Paipi ya sinki ya kukhitchini kawirikawiri imakhala ya mamilimita 40 kukula kwake, pamene ya beseni losambira m'manja imakhala ya 32. Muzikumbukire zimenezi mukamakagula zosinthira, chifukwa pamaso zimaoneka zofanana koma sizilowana.

Munthu akaona kupindikako koyamba amaganiza kuti ndi komwe kukubweretsa mavuto onse. Bwanji osangoika paipi yowongoka madzi azingodutsa? Yankho lili m'madzi omwe amatsalira m'kupindikamo. Nthawi iliyonse mukatsegula mpopi n'kutseka, madzi pang'ono amatsala mu U muja, akuya masentimita pakati pa 5 ndi 10 malinga ndi malamulo a zomangamanga a dziko lanu. Madzi amenewo ndiwo amatseka njira ya mpweya wochokera ku suweji. Mpweyawo si wonunkha chabe. Muli hydrogen sulphide, uja amanunkha ngati mazira owola, komanso methane yemwe amayaka. Ndipo njira yomwe mpweya ungadutse, mphemvu nazo zikhoza kudutsa.

Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Mu 1775 Alexander Cumming, wokonza mawotchi wa ku Scotland yemwe ankagwira ntchito ku London, analembetsa chimbudzi chamadzi chokhala ndi paipi yopindika ngati S pansi pake, ndipo kuyambira pamenepo zimbudzi zinayamba kupiririka kukhala m'kati mwa nyumba. Zomwe zimachitika madzi aja akasowa zinaoneka poyera mu 2003 ku Hong Kong, pa nyumba zosanjikizana za Amoy Gardens, pomwe anthu oposa 300 anadwala SARS, matenda oopsa a m'mapapo. Ofufuza anapeza kuti mapaipi opindika a timabowo ta pansi m'mabafa ambiri anali atauma, ndiye tizilombo tinapeza njira kuchoka m'mapaipi a zonyansa kulowa m'nyumba za anthu. Ndikamaona munthu atachotsa trap chifukwa choti inkatsekeka pafupipafupi, n'kuikapo paipi yowongoka, mtima umandiwawa. Wachotsa fungo la sabata imodzi n'kuitana la chaka chonse. Enanso amaikapo paipi yamakwinyamakwinya ija imapindika mbali iliyonse, poti ndi yosavuta kulumikiza. Khwinya lililonse ndi malo omwe mafuta amakakamira, ndipo paipi yotere sichedwa kutsekekanso.

Ndiye chimatseka n'chiyani? M'bafa ndi tsitsi ndi sopo. Kukhitchini mwini nkhani ndi mafuta. Akamachoka m'poto amakhala amadzimadzi chifukwa ndi otentha, ndipo munthu saona cholakwa kuwathira mu sinki. Akafika m'paipi yozizira amagwirana, n'kumatirira m'mbali. Mawa ena amamatira pamwamba pa a dzulo. Tinyenyeswa ta chakudya, matsalira a khofi, masamba a tiyi, tizikhungwa ta mazira, zonse zomwe zikanangodutsa m'paipi yoyera, tsopano zapeza pogwira. Bowo la mamilimita 40 limachepa pang'onopang'ono mpaka kutsala kanjira koti chala chaching'ono sichingalowe.

Pali chikhulupiriro choti ukathira mafuta n'kutsatiza madzi otentha ndi sopo ndiye kuti zatha. Sizitha, zimangosamuka. Madziwo amazizira asanapite patali, mafuta n'kugwirananso, ulendo uno pamalo pomwe dzanja silifika. Choipa china n'chakuti mafuta akakhalitsa m'mapaipi amasintha. Amasakanikirana ndi calcium wa m'madzi n'kusanduka chinthu cholimba chonga sopo wouma, chomwe madzi otentha sasungunula. Anthu a ku London anaona kukula kwa nkhaniyi mu 2017, pamene m'mapaipi a suweji a ku Whitechapel munapezeka chibuluma cha mafuta ndi timapepala topukutira cholemera matani pafupifupi 130, chotalika mamita 250. Ogwira ntchito anachita kuchiswa kwa masabata ambiri, ndipo kachidutswa kake kanakaonetsedwa ku Museum of London chaka chotsatira. Chibuluma chimenecho chinachokera m'mapoto a anthu wamba, aliyense akuti anga ndi ochepa.

Poyamba yesani zophweka. Tungani madzi omwe aima mu sinki mpaka atsale okwanira kumiza mlomo wa chopopera cha labala chija ena amati pulanja. Zulani kasefa kapamwamba kongokhazika pabowo, chotsani ndi zala zonse zomwe zakola pamenepo. Anthu ambiri amanena kuti pulanja siigwira ntchito, koma vuto limakhala loti aiwala kabowo kena. Sinki zambiri zili ndi kabowo chakumtunda kotulutsira madzi akafuna kusefukira, ndipo kabowo kameneko kamalumikizana ndi paipi yomweyo pansi. Mukapopa musanakatseke, mphamvu yonse imathawira komweko. Katsekeni ndi nsanza yonyowa, mukanikize ndi dzanja limodzi. Ngati sinki yanu ndi ya mbali ziwiri, bowo la mbali inayo litsekedwenso, ndipo apa pafunika munthu wina woti akugwirireni. Ikani pulanja mopendekeka kuti mpweya utuluke, ilowe madzi okhaokha, chifukwa mpweya umafinyika koma madzi safinyika. Kankhani ndi kukoka mwamphamvu, mlomo wake osachoka pansi. Kukokako n'kofunika kuposa kukankha, chifukwa ndiko kumagwedeza chotsekacho kuchoka pomwe chakhazikika.

Zikakanika, nthawi yomasula trap yakwana, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo.

Jambulani kaye chithunzi ndi foni musanagwire chilichonse. Zidutswa zikakhala pansi zonse zimaoneka zofanana, ndipo chithunzicho chidzakupulumutsani pobwezeretsa. Yalani nsanza, ikani ndowa kapena beseni pansi penipeni pa U, valani magolovesi. Mapaipi apulasitiki amamangidwa ndi manati akuluakulu okhala ndi timapiko kapena timizere togwirira, ndipo anapangidwa kuti dzanja likwanitse. Gwirani paipi ndi dzanja limodzi kuti isapotoke, linalo lizungulize nati chakumanzere. Ikalimba, ikulungeni ndi nsanza youma kuti dzanja lisaterereke. Sipanala igwiritsidwe ntchito pokhapokha zavutitsitsa, ndipo mosamala, poti pulasitiki yakale sichedwa kung'aluka.

Nati yoyamba ikangomasuka madzi amayamba kutsetsereka m'dzanja, ozizira, otuwa, ndipo fungo limakufikani nthawi yomweyo. Musabwerere m'mbuyo. Masulani yachiwiri, tsitsani U yonse pang'onopang'ono ili chowongoka, muikhuthulire m'ndowa. Kenako iunikeni. M'mbali mwake mumakhala chinthu chotuwira kukuda, choterera, chokhala m'magawomagawo, ndipo pakati pamaoneka kanjira komwe madzi ankadutsa movutikira. Pansi pa kupindikako pamakhala zolemera: mchenga, tinjere, nthawi zina kasupuni kakang'ono kapena mphete yomwe inasowa kalekale. Kokotani zonsezo ndi kamtengo, muziike m'pepala mukataye ku zinyalala. Tsukani paipiyo ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale, koma kwina, osati mu sinki yomweyo. Zikumveka ngati nthabwala, koma dzanja lazolowera, limangopita lokha kukatsegula mpopi, madzi onse n'kukhuthukira m'kabati.

U ili pansi choncho, lowetsani chala m'paipi yomwe yatsala kukhoma. Ngati namo muli zomatira, kapena ngati U yapezeka yoyera pamene sinki inali yotsekeka, ndiye kuti vuto lili kutsogolo. Pamenepa pamafunika waya wotsegulira mapaipi, wopotedwa ngati sipuling'i, wokhala ndi chogwirira chozunguliza. Mulowetseni pang'onopang'ono. Akaima, musamukankhe ndi ukali, chifukwa mwina wangofika pokhota. Muzungulizeni uku mukukankha pang'ono mpaka adutse. Chotseka chenicheni chimamveka mosiyana m'dzanja, chimakhala chofewa koma chokana, ndipo mukakoka waya amabwera atanyamula zonyansa. Bwerezani mpaka azibwera woyera. Waya wa hang'ala wowongoledwa amathandiza pafupi pokha, ndipo nsonga yake ikhoza kuboola paipi yachitsulo yomwe yadyeka ndi dzimbiri.

Muli pomwepo onaninso mmene paipi yopita kukhoma yagonera. Imayenera kutsetsereka pang'ono chabe, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse. Ikagona mofanana, kapena ikabwanyuka pakati chifukwa chosowa chogwiriziza, madzi amaima, mafuta n'kupeza mpata wokhazikika. Sinki yomwe imatsekeka kawirikawiri ngakhale eni ake ndi osamala nthawi zambiri vuto lake limakhala limeneli, ndipo palibe mankhwala omwe angalikonze.

Tsopano za mankhwalawo. Ambiri mwa iwo ndi kositiki soda, yemwe dzina lake la sayansi ndi sodium hydroxide. Akakumana ndi madzi amatulutsa kutentha kwambiri, ndipo amasandutsa mafuta kukhala sopo. Paipi ikakhala kuti ikungochedwetsa madzi, nthawi zina amathandiza. Koma ikatsekeka yonse, mankhwalawo amangokhala pamwamba pa chotsekacho, akutenthetsa pulasitiki, ndipo sopo yemwe apangayo akhoza kuuma n'kuwonjezera vuto. Mapeto ake mwatsala ndi sinki yotsekeka yodzaza ndi madzi omwe amawotcha khungu ndiponso kuchititsa khungu akalowa m'maso. Pulanja simungaigwiritsenso ntchito chifukwa madziwo akuthovukirani kumaso, ndipo trap muyenera kuimasulabe, tsopano ili yoopsa. Ngati mwathira kale mankhwala ndipo mwaganiza zoitana pulambala, muuzeni asanagwire kanthu. Kubisa zimenezi chifukwa cha manyazi n'kumulakwira munthu yemwe nkhope yake ikhale pansi pa paipiyo. Ndipo musayerekeze kuthira mankhwala a mtundu wina pamwamba pa oyambawo. Ena ndi a asidi, ndipo asidi akakumana ndi kositiki zimawira mwaukali. Bulichi akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa chlorine, womwe m'chipinda chotseka ukhoza kupha.

Soda wophikira ndi viniga, zomwe zimatchuka kwambiri pa intaneti, sizoopsa, koma musayembekezere zambiri. Chimodzi chimapha mphamvu ya chinzake, n'kutsala madzi amchere ndi thovu la carbon dioxide. Thovulo limasangalatsa kuliona, ndipo likhoza kuchepetsa kafungo, basi. Madzi owira gadugadu nawo samalani nawo ngati mapaipi anu ndi a PVC, chifukwa pulasitiki imeneyi imayamba kufooka kutentha kukapitirira madigiri 60. Madzi otentha koma osawira, osakaniza ndi sopo wotsukira mbale, ndi okwanira kutsuka paipi yomwe mwaitsegula kale.

Kubwezeretsa ndi komwe kumasiyanitsa ntchito yabwino ndi yobwereza. Pa nati iliyonse pali kalabala kozungulira, ndipo ndi kameneko komwe kamatseka madzi, osati kulimba kwa nati. Kayang'aneni. Ngati kauma, kang'aluka kapena kaphwatalala, kasintheni, ndipo popita kukagula nyamulani kakaleko kuti muyerekeze. Timalabala tambiri timakhala tosongoka mbali imodzi. Nati imayamba kuvekedwa pa paipi, kenako kalabala, mbali yake yosongoka italoza komwe mapaipi akumanirana, yokhuthala italoza ku nati. Mukakatembenuza padzadontha ngakhale mutamanga bwanji. Lumikizani mbali zonse ziwiri momasuka kaye, muonetsetse kuti mapaipi akulowana okha popanda kuwakakamiza, kenako muzimanga. Nati ikayamba kulimba itangozungulira kamodzi, ndiye kuti yalowa mopingasa. Ibwezeni muyambirenso, apo ayi mudya timizere take ta m'kati tomangira. Mangani ndi dzanja mpaka ilimbe, mwina n'kuwonjezera pang'ono chabe. Kumangitsa kwambiri kumafinya kalabala mpaka kutuluka m'malo mwake.

Tepi yoyera ija ya PTFE anthu amaikonda kwambiri moti amaikulunga paliponse. Pa manati a trap siifunika, chifukwa timizere ta pamenepo sindito timatseka madzi. Malo ake ndi pomwe timizere tachitsulo timalowana popanda kalabala, monga pamapaipi ena obweretsa madzi. Ndipo poikulunga tsatirani mbali yomwe nati izizungulira pomanga, kuti isavundukuke.

Poyesa musangotsegula mpopi pang'ono n'kunena kuti zatheka. Tsekani sinki, idzazeni, pukutani mapaipi onse aume, kenako zulani chotsekera madzi onse atsike nthawi imodzi. Tengani tishu youma muidutsitse pa nati iliyonse, kuyambira pamwamba kutsika. Dontho lomwe maso saona, tishu imalionetsa.

Kudontha kwa pansi pa sinki kuli ndi magwero atatu, ndipo nthawi yomwe kumachitika ndiyo imaulula gwero lake. Ngati pamanyowa pokhapokha madzi akamatsika mu sinki, vuto lili kumapaipi otulutsa, ndipo tanena kale. Ngati pakudontha usana ndi usiku ngakhale palibe wagwira mpopi, yang'anani mapaipi obweretsa madzi, chifukwa amenewo amakhala ndi mphamvu ya madzi nthawi zonse. Kawirikawiri ndi timapaipi tofewa tolukidwa ndi waya kunja, tochokera pa valavu, chotsekera madzi, kupita ku mpopi. Timeneti timakalamba. Mukaona dzimbiri, tiwaya tothothoka kapena potupa, sinthani lero, chifukwa tikaphulika sitidontha, timadzaza nyumba. Tsekani valavu pozunguliza kumanja, tsegulani mpopi kuti madzi otsala atuluke, kenako masulani. Valavu yomwe yakhala zaka osagwiridwa ikhoza kukana, ndipo mukaikakamiza imathyoka, choncho dziwiranitu komwe kuli valavu yaikulu ya nyumba yonse musanayambe.

Gwero lachitatu ndi lomwe limasokoneza. Pamanyowa mwa apo ndi apo, mapaipi onse ali bwinobwino. Madzi sachedwa kunamiza munthu, amatsetsereka m'mbali mwa paipi n'kukadonthera kutali ndi komwe atulukira, ndiye nthawi zonse tsatirani chinyezi chokwera mpaka pomwe chathera. Mwina mupeza kuti akulowera m'mphepete mwa sinki pomwe silikoni wamatuka, kapena patsinde pa mpopi. Ngati pamadontha pokhapokha sinki ikadzaza, ndi kasefa ka pabowo. Masulani paipi ya pansi pake, masulani nati yaikulu kapena sikulu ya pakati, kankhirani kasefako m'mwamba. Palani zakale zonse mpaka chitsulo chiwale, ikani kalabala katsopano kapena silikoni pang'ono pansi pa mlomo wake, mukhazike, mumange mofanana mbali zonse. Ngati mwagwiritsa ntchito silikoni, mupatseni nthawi yomwe yalembedwa pa chubu musanathire madzi.

Pali pomwe ntchito yanu imathera. Mukaona kuti sinki, bafa ndi chimbudzi zonse zikuchedwa limodzi, kapena madzi akubwerera mu sinki makina ochapira akamatulutsa madzi, vuto lili m'paipi yaikulu, ndipo kumasula trap sikuthandiza kanthu. Chimodzimodzi ngati trap ndi yoyera koma ikulirabe gulu gulu ndipo fungo likubwerabwera. Apo ndiye kuti mapaipi akusowa polowera mpweya, ndipo madzi akamatsika amakoka aja otsalira mu U n'kuisiya yopanda kanthu. Zimenezi ndi za pulambala. Mapaipi achitsulo omwe nati zake zagwirana ndi dzimbiri nawonso ndimawalemekeza. Ukayamba kulimbana nawo madzulo, ukhoza kugona wopanda madzi.

Za kupewa sindinena zambiri, poti aliyense akuzidziwa. Mafuta otsala azizire, alowe m'botolo kapena m'chitini, apite ku zinyalala. Poto apukutidwe ndi pepala asanaone madzi. Kasefa kakhale pamalo pake, ndipo zomwe kagwira zisakankhidwire m'bowo ndi chala. Sinki yomwe sigwiritsidwa ntchito kawirikawiri izithiridwa madzi mwa apo ndi apo kuti U isaume.

Chinthu chimodzi chomwe chimaiwalika ngakhale ndi anthu osamala ndi kapaipi ka kabowo kosefukira kaja. Mumatsuka trap, mumasintha timalabala, madzi akuthamanga, koma kafungo sikakuchoka. Kapaipi kameneko kali pamwamba pa madzi a mu U, choncho chilichonse chowolera m'menemo chimanunkhira m'khitchini mwachindunji, ndipo madzi sadutsamo kawirikawiri kuti akatsuke. Kamamangidwa ndi sikulu imodzi pakabowo ndi nati imodzi pansi. Kamasuleni, kanyikeni m'madzi ofunda a sopo, mudutsitsemo kaburashi kotsukira mabotolo, ndipo pobwezeretsa onetsetsani kuti kalabala ka kuseri kwa kabowo kakhala bwino musanamange sikulu.